Chaetodon kleinii ku Lilongwe: zooneka pakatha miyezi khumi

Mwa nsomba zonse za mtundu wa butterflyfish, Chaetodon kleinii ndi imodzi mwa zopirira kwambiri m'thanki. Kwawo ndi m'nyanja za Indian ndi Pacific, ngakhale m'mbali mwa Mozambique imapezeka, ndipo imakula mpaka masentimita 15. Pa kukongola imagonja kwa copperband, butterflyfish ina ya mlomo wautali, koma iyo imadya, pamene copperband nthawi zambiri imakana chakudya mpaka kuonda n'kufa. Pakatha miyezi khumi mumaona kuti mavuto ambiri sachokera kwa nsombayo. Amachokera ku magetsi ndi nyengo ya kuno.

Amene munazolowera mbuna, iwalani zotunga madzi pampopi n'kuthira. Pafunika madzi osefedwa ndi makina a RO, amene amachotsa mchere ndi zina zonse zosungunuka m'madzi, ndi mchere wopangira madzi a m'nyanja, osati wa ndiwo, pafupifupi magalamu 35 pa lita, kuti refractometer, kachipangizo koyezera mchere m'madzi, iwerenge 1.025. Thanki isachepere malita 300. Mukamasintha malita 30 pa masabata awiri alionse, mchere umapita makilogalamu awiri pa mwezi, choncho muzikhala ndi thumba lina losunga chifukwa supezeka wamba. Ammonia ndi nitrite, poizoni wochokera ku zinyalala za nsomba, zikhale pa 0, nitrate pansi pa mamiligalamu 20 pa lita, pH pakati pa 8.1 ndi 8.4.

Magetsi ndiye mutu waukulu. Madzi amchere amasunga mpweya wochepa kuyerekeza ndi a ku Salima, ndipo akatentha umacheperatu. Mapampu akaima maola angapo, nsomba imakwera pamwamba, makha akutseguka ndi kutseka mofulumira, ndipo mabakiteriya a mu fyuluta, amene amachotsa ammonia, amayamba kufa. Choipa chake chimabwera mochedwa: magetsi abwera, nsomba yapulumuka, koma mawa lake ammonia wakwera. Ndiye magetsi akazima nthawi yaitali, yezani madzi masiku awiri otsatira ndipo muchepetse chakudya. Inveta iyendetse pampu yozungulitsa madzi poyamba, nyali zidikire. Kapampu ka mpweya ka mabatire kazikhala pafupi, m'mabatire muli moto.

Mu Okutobala ndi Novembala madzi amadutsa madigiri 27 mosavuta. Fani youzira pamwamba pa madzi imathandiza, koma imaumitsa madzi msanga, ndipo mchere suuluka nawo. Matani katepi pagalasi posonyeza mlingo, n'kumawonjezera madzi a RO opanda mchere tsiku ndi tsiku. Ambiri amalakwitsa apa, amathira amchere, kenako n'kumadabwa kuti nsomba yasiya kudya. Mu Juni ndi Julayi hita ya mawati 300 imagwira madzi pa 25.

Pa chakudya siyovuta. Idyetseni pang'onopang'ono katatu pa tsiku: mysis (tizilombo ta m'madzi tonga ma prawns aang'ono) youndana ikapezeka, ma prawns osaphika odulidwa timizidutswa, nori (ndere zouma za m'nyanja), ndi pellet. Usipa musaudalire. Chakudya chikasungunuka mufiriji magetsi atazima, chitayeni. Nsomba yoonda imaonekera kuseri kwa mutu, pamene pamalowa ngati mwapatsina.

Koma makorali ndiye samalani. Miyezi yoyamba nsombayi imatolera Aiptasia yense, tizilombo tosafunika tonga timaluwa tomera pamiyala, mwini thanki n'kumasangalala. Akatha, imatembenukira ku zoanthid, zamoyo zonga makorali zooneka ngati timaluwa, ndi makorali a minofu. Mumaona tinthambi tatsekeka masana, iyo ikuzungulira pomwepo n'kumajompha. Kuidyetsa kwambiri kumangochedwetsa zimenezi. Nsombayi ndi ya thanki ya nsomba ndi miyala basi.

Matenda ofala ndi timadontho toyera pathupi, tobwera ndi kachilombo kotchedwa Cryptocaryon. Nsomba yatsopano iyambe yakhala payokha masabata anayi. Mankhwala a kopa (mkuwa) ochizira matendawa muthire m'thanki yapadera yopanda miyala, chifukwa miyala imayamwa kopa, ndipo kopa amapha nkhono ndi makorali. Matendawo akalowa m'thanki yaikulu, muchotse nsomba zonse, thankiyo ikhale yopanda nsomba masiku 76.