Chitini kapena burashi, Contrast kapena kusanjikiza: zosankha za wopenta tizidole ta nkhondo ku Kasungu

Tizidole ta nkhondo ya pa tebulo, tija ta mamilimita 28 mpaka 32 ta masewera ngati Warhammer, timatuluka m'bokosi totuwa ngati phulusa. Malangizo ambiri a kapentedwe kake amalembedwa ndi anthu a kumaiko ozizira, amene sitolo ya mapenti ili pakhomo pawo. Kuno ku Kasungu zolamula ndi ziwiri, nyengo ndi njira imene katundu amafikira. Penti wa tizidole si katundu wa m'mashopu a hadiweya pa boma. Amachita kuitanitsidwa kunja kapena kutumizira wachibale wochokera ku Johannesburg, ndipo botolo likauma simungapeze lina mawa lake. Poyerekeza zipangizo, anzathu, muyezo wathu ukhale umenewo.

Tiyambe ndi primer, penti woyamba amene amagwira pulasitiki kuti mitundu ina ipeze pokakamira. Wopopera wa m'chitini, monga Chaos Black wa Citadel kapena wa Army Painter (awa ndi maina a mapenti a tizidole), ndi wachangu: asilikali 20 mumawamaliza m'mphindi zochepa, ndipo amagwira zolimba ngakhale pa chitsulo. Chitinicho mumachikhutchumula mphindi 2 zathunthu, n'kupopera muli pa mtunda wa masentimita 20 mpaka 30, modutsa msangamsanga, osaima pamodzi. Vuto lake ndi loti amasankha nyengo. Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, timadontho timauma tisanafike pa kachidole, ndiye nkhope ya msilikali imatuluka yokhakhala ngati sandipepa. M'dzinja chinyezi chimamuchedwetsa kuuma, amayenderera n'kukwirira maso ndi malamba. Mu Juni ndi Julayi mwera umauluza theka la penti n'kubweretsa fumbi pa theka lotsalalo. Nthawi yake ndi m'mamawa wopanda mphepo, pamthunzi. Onjezani apo kuti zitini zopopera zili m'gulu la katundu wowopsa wa m'ndege, kotero masitolo ambiri a pa intaneti sazitumiza kunja kwa dziko lawo. Musachisiyenso m'galimoto yotseka masana. Malire olembedwa pa zitini zotere ndi madigiri 50.

Primer wopaka ndi burashi, monga Surface Primer wa Vallejo, ndi wa madzi. Amayenda m'phukusi popanda mlandu, mumapakira m'nyumba kaya kunja kukugwa mvula, ndipo botolo la mamililita 60 limakwanira gulu lankhondo lonse. Amadya nthawi, inde, ndipo amafuna ulemu wake: osamuthira madzi ambiri chifukwa amachita timikanda pa pulasitiki, mpakeni mopyapyala, ndipo m'siyeni maola 24 kuti akhwime. Mukamugwiragwira atangouma pamwamba amasupuka ngati khungu la nyemba zofutsa. Pa chitsulo ndi wofookerapo poyerekeza ndi wa m'chitini.

Njira yachitatu ndi primer wotuwa wa galimoto wa m'hadiweya. Pa pulasitiki yolimba ndi pa chitsulo amagwira ntchito ndithu, bola mupopere motalikira ndi mochepa, poti amatuluka wambiri nthawi imodzi. Pa tizidole ta pulasitiki yofewa ya PVC, ngati ta Reaper Bones, mankhwala ake amatha kusiya kachidole kakunata mpaka kalekale. Yesani kaye pa chimango chija chimene tizidutswa timabwerapo. Kwa wopenta wa kuno, wa burashi ndiye woyenera kukhala m'nyumba nthawi zonse. Chitini chikhale cha masiku abwino ndi cha zinthu zazikulu monga nyumba ndi makoma a pabwalo lankhondo.

Pa zonsezi, kachidole ka resin (mtundu wina wa pulasitiki wothira m'chikombole) kapena ka chitsulo katsukeni kaye ndi madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale. Kamabwera ndi mafuta a m'chikombole amene amakana penti aliyense.

Tsopano mabotolo. Citadel ya Games Workshop ya ku Nottingham imaika penti wake wamba m'timiphika ta mamililita 12 totsegula pakamwa ponse. Vallejo ya ku Spain ndi Army Painter ya ku Denmark zimagwiritsa ntchito mabotolo odontheza a mamililita 17 kapena 18. Kukongola kwa pentiyo onse ali bwino, ndipo mkangano wa amene aposa mnzake sudzatha. Koma kamphika kamakhala kotsegula nthawi yonse imene mukutunga, penti amaumira m'mphepete mwa chivundikiro, chivundikirocho n'kusiya kutseka bwino, ndipo ndi kutentha kwa kuno kamphika kotere kamasanduka mwala. Botolo lodontheza mumatsegula kamphindi, madontho 2, n'kutseka. Cholakwika chake n'choti kakamwa kamatsekeka, ndipo mukafinya mwamphamvu kamafwamphuka n'kukhuthulira penti yense pa tebulo. Boolani ndi singano m'malo mofinya. Pentiyo amalekananso m'botolo, madzi pamwamba utoto pansi, ndiye ikanimo kampira ka galasi kapena ka chitsulo chosachita dzimbiri kothandiza pokhutchumula. Ka chitsulo wamba, ngati ka m'habu ya njinga, kamachita dzimbiri n'kuwononga mtundu.

Nanga penti wa acrylic wa m'machubu wa m'masitolo a zolembera ku Lilongwe? Wotsika mtengoyo utoto wake ndi wochepa, moti wachikasu kapena wofiira amafuna kubwereza kambirimbiri, ndipo pofika pamenepo tsatanetsatane wa kachidole wakwiririka. Pa miyala, nyumba ndi nthaka ya pabwalo ndi wabwino kwambiri, n'kuwononga ndalama kupakapo Citadel. Penti wa ana asukulu wojambulira mapositala ayi: amasungunukanso akakhudza madzi.

Pamene pali kusiyana kwenikweni ndi pa kapentedwe. Njira yakale ndi yosanjikiza, ya masitepe atatu. Choyamba mtundu wa pansi, wosungunula pang'ono, dontho limodzi la madzi pa madontho 1 kapena 2 a penti, mpaka aziyenda ngati mkaka, n'kupaka kawiri mopyapyala m'malo mwa kamodzi mochindikala. Chachiwiri wash, penti wamadzimadzi wakuda amene amathamangira m'makwinya n'kupanga mthunzi. Odziwika ndi Nuln Oil wa pa chitsulo ndi Agrax Earthshade wa pa zikopa, mafupa ndi matabwa. Chachitatu kuwalitsa, kubwezera mtundu woyamba pamalo otukuka, kenako wowalirapo m'mphepete mwenimweni. Njirayi imafuna mabotolo awiri kapena atatu pa mtundu uliwonse, ndiponso nthawi. Ubwino wake, imakhululuka. Burashi ikaterereka, mumangodikira paume n'kupakapo mtundu woyenera.

Njira yatsopano inabwera ndi Contrast wa Citadel mu 2019, kenako Speedpaint wa Army Painter ndi Xpress Color wa Vallejo. Ameneyu ndi penti woonekera mkati amene amagwira masitepe atatu aja pakamodzi: amadzikundika m'makwinya kukhala mthunzi, n'kupyapyala pamalo otukuka kuti primer woyera awale. Pa ubweya, unyolo, mafupa, mamba a chinjoka ndi minofu ya ma orc, zilombo zongopeka za m'masewerawa, amachita zodabwitsa. Pamalo osalala, monga chishango, chovala chachitsulo kapena chinsalu chachikulu cha kumsana, amasiya mawangamawanga ngati khoma lodontha.

Apa ndi pamene kutentha kwa Kasungu kumalowerera. Penti wotere amafuna kuti mumalize gawo lonse, mwendo wonse kapena mkono wonse, akadali wonyowa. Masana a chilimwe m'mphepete mumauma inu musanafike kumapeto, ndipo mukabwererapo ndi burashi mumang'amba kakhungu kamene kayamba kugwira, n'kutsala chipsera chosabisika. Kukonza kwake n'kupakanso woyera pamalopo, kudikira, n'kuyambiranso. Choncho pakani m'mawa kapena madzulo, gawo limodzi panthawi, ndipo pomwe penti wachita chithaphwi mumuyamwe msanga ndi burashi youma. Osamusungunula ndi madzi, amataya kayendedwe kake. Ali ndi chosungunulira chake chapadera chotchedwa medium. Mukapatsidwa Speedpaint woyambirira uja, dziwani kuti ankasungunukanso mukapakapo penti wina wonyowa, Speedpaint 2.0 anabwera kudzakonza zimenezo.

Pakati pa ziwirizi pali imene amaitcha slapchop. Primer wakuda, kenako burashi youma ya mtundu wotuwa pa kachidole konse, kenako yoyera pamwamba pokha pomwe kuwala kungagwe, ndiye Contrast pamwamba pa zonsezo. Burashi youma ndiye kuti mwaviika m'penti n'kupukutira pa pepala mpaka pafupifupi osatsala kanthu. Mthunzi umakhala utakhazikika kale pansi, kotero mawanga aja saoneka kwambiri. Mitundu imatuluka yoderapo, ndipo mukathamangira ndi burashi yosapukuta bwino kachidole kamaoneka ngati kagwera mu ufa. Burashi yofewa yopakira zodzoladzola kumaso, ya mumsika, imagwira ntchitoyi mosasiyana kwenikweni ndi zodula zija.

Ndiye iti? Amene ali ndi asilikali 40 oti afike pa tebulo mwezi uno, makamaka a ubweya ndi mafupa, atenge slapchop ndi mabotolo 6 kapena 8 a Contrast kapena anzake. Amene akugula penti koyamba, ndipo ndalama ikulola phukusi limodzi lokha pachaka, ayambe ndi penti wamba wa m'mabotolo odontheza: wakuda, woyera, wofiira, wachikasu, wobiriwira, wa buluu, wa bulauni, wa khungu, wa siliva, ndi wash mmodzi wa bulauni. Ameneyu amasakanizika kupanga mitundu ina, pamene Contrast sangakupatseni chitsulo chonyezimira, diso kapena mzere wowala wa pa lupanga. Ngakhale wokonda Contrast amafunabe woyera ndi siliva pambali.

Wosanjikiza asapente popanda mbale yonyowa. Kabokosi ka pulasitiki kokhala ndi chivundikiro, siponji yopyapyala yonyowa pansi, pepala lophikira makeke pamwamba. Penti amene akanauma m'mphindi zochepa amakhala wofewa madzulo onse. Kutentha kumabweretsa nkhungu, ndiye tsukani siponji masiku angapo alionse. Madzi a pa mjigo ena ali ndi mchere umene umasiya mizere yoyera mu wash akauma. Madzi osefedwa othira m'batire ya galimoto amathetsa vutoli, koma werengani botolo, lisakhale la asidi.

Za maburashi n'zachidule. Ya ubweya wa kanyama kotchedwa kolinsky, monga Winsor & Newton Series 7 kapena Raphael 8404, nambala 1 kapena 2, imasunga nsonga zaka ngati penti sakufika pa kachitsulo kogwira ubweya. Ya nayiloni imapinda nsonga msanga koma ndi yotsika mtengo, ndipo ndiyo yoyenera primer, vanishi ndi penti wa siliva.

Vanishi ndi wofunika kwambiri kwa wa Contrast, poti pentiyo ndi wopyapyala ndipo zala za thukuta zimamufufuta m'makona. Wopopera wosanyezimira ali ndi tsoka lake lodziwika: kukakhala chinyezi amauma moyera ngati kachidole kawazidwa ufa, ntchito ya sabata yonse n'kuwonongeka. Kuyambira Disembala mpaka Malichi musamukhulupirire. Zikachitika, kupakapo vanishi wonyezimira nthawi zambiri kumabweza mitundu. Wa burashi alibe vuto limeneli, bola mumukhutchumule kwambiri, chifukwa chimene chimapha kunyezimira chimakhazikika pansi pa botolo. Pa tizidole ta chitsulo, timene timakandika tikagundana, pakani wonyezimira kaye, mawa lake wosanyezimira pamwamba. Vanishi wa matabwa wa m'hadiweya ndi wochindikala ndipo amasanduka wachikasu.

Poimira kachidole musaitanitse mchenga kunja. Wa ku Bua kapena wa kudambo mumausefa ndi sefa ya tiyi, n'kuukazinga m'chiwaya kuti uume ndi kuti nkhungu ife. Pakani guluu woyera wa matabwa, viikani mumchenga, ndipo zikauma dontherezanipo guluu yemweyo wosakaniza ndi madzi muyezo wofanana kuti mchenga usayoyoke popenta.

Kachidole kakalephereka, ka pulasitiki yolimba kaviikeni usiku wonse mu isopropyl alcohol kapena mu Dettol wa bulauni uja, n'kukwecha ndi mswachi wakale. Ndi Dettol musafulumire kuthira madzi penti asanachoke yense, amasanduka phula lonata. Acetone ndi thinner wa galimoto n'za tizidole ta chitsulo zokha; pulasitiki zimaisungunula.