Ma chaps anga patatha miyezi 10

Yakwana miyezi 10 chigulireni ma chaps aja ndiye ndati ndikuuzeni mmene andikhalira. Kwa amene simuwadziwa, ndi zikopa zomwe ma cowboy amavala pamwamba pa jinzi akamakwera hatchi, zimaphimba miyendo yokha kumbuyoku kuli pululu. Dzinali linachokera ku mawu a Chisipanishi oti chaparreras, ndipo anzanga kuno ku Texas amati shaps, ine nditati chapsi tsiku loyamba anandiseka mpaka misozi.

Anga ndi a shotgun, othina aja a zipi kuyambira mʼchiuno mpaka mu akakolo. Mwezi woyamba anali gwa ngati thabwa, kuyenda kwake ngati ndili ndi chithupsa, koma nditapaka kawiri mafuta ofewetsera zikopa otchedwa neatsfoot oil anafewa, kungoti mtundu unada, sakuwalanso ngati pogula paja.

Ndinawalemekeza mu Malichi tikuthamangitsa thole lomwe linathawira mʼthengo la mitengo ya mesquite. Minga yake abale ili ngati ya mthethe, hatchi ikungolowa osaona kuti pamsana pali munthu, potuluka chikopa chonse mikwingwirima yokhayokha koma mwendo wanga osakandika ngakhale pangʼono, pomwe mnzanga yemwe anavala jinzi yokha madzulo ake anali kuzula minga pabondo uku akutukwana.

Tsiku lina kachingwe komangira ma chaps kutsogolo mʼchiuno kanakola pa nyanga ya chishalo, kamutu kotumphuka kutsogolo kwa chishalocho, nkuduka. Ndinapsa mtima, ndikuti andigulitsa zabodza, mpaka mdala wina wa pa ranchi pano anandikhazika pansi nkundiuza kuti amakapanga kofooka dala, kuti hatchi ikakugwetsa kaduke, usalendewere pa chishalo ikukukoka. Ndinangoti zikomo bambo, manyazi ndithu.

Zipi yakumanzere yokha ndiye inandikhumudwitsa, inafa mwezi wa 7 chigulireni, fumbi ndi matope zinadya mano ake.

Koma vuto lenileni ndi kutentha. Julayi ndi Ogasiti kuno kumafika madigiri 38, ndiye shotgun salowetsa mphepo olo pangʼono, ukavula jinzi imakhala ngati waichapa kumene. Nthawi yozizira ndinkawadalitsa, pano ayi. Anzanga ambiri nyengo ino amavala ma chinks, aja othera mmunsi pangʼono mwa bondo, ndipo ndayamba kale kusungira tindalama. Awawa ndawapachika pa msomali, tionananso Novembala.