Mizati yoitanira thandizo pa koleji yathu ku Zomba: momwe yagwirira ntchito patatha chaka

Patha chaka chathunthu ndi miyezi ingapo chiikireni mizati yoitanira thandizo pa koleji yogonera komweko yomwe ndimayang'anirapo za chitetezo ndi kasamalidwe ka malo kuno ku Zomba. Popeza tsopano yakumana ndi nyengo zonse za kuno, mvula ya dzinja, chiperoni cha Juni ndi Julayi, komanso fumbi ndi kutentha kwa Okutobala, ndikhoza kunenapo zomwe sizikanadziwika pomwe inali yatsopano. Nthawi imeneyo ndinalemba mwachidule kuti ndi yolimba, imatulutsa mawu omveka bwino, ndipo aliyense angathe kuigwiritsa ntchito osachita kuphunzitsidwa. Zitatuzo zikadali zoona, koma zomwe zatidyera nthawi ndi ndalama ndi zina, zomwe ogulitsa sakonda kuzitchula: batire, simukhadi, ndi munthu amene amayankha mbali inayo.

Kwa amene sanauonepo, uwu ndi mzati wachitsulo wautali kuposa munthu, wokhala ndi nyali yabuluu pamwamba yomwe imayaka usiku wonse, batani limodzi lalikulu lofiira, ndi sipika ndi maikolofoni zobisika kuseri kwa timabowo. Palibe chonyamula m'manja. Munthu akadina batani, nyali imayamba kuthwanima ndipo makina amaimba okha manambala omwe analowetsedwamo, imodzi ikapanda kuyankhidwa n'kupita pa yotsatira. Ife tili nayo isanu: iwiri pamalo oimikapo magalimoto, umodzi m'njira yochokera ku laibulale kupita kogona atsikana, wina pa geti laling'ono pomwe akabaza amatsitsira ophunzira, ndipo wotsiriza kufupi ndi bwalo la masewero.

Mizati yotereyi inafala kwambiri m'mayunivesite a ku America. Mu 1986 wophunzira wina, Jeanne Clery, anaphedwa m'chipinda chake chogona pa Lehigh University, ndipo mu 1990 dzikolo linakhazikitsa lamulo lokakamiza makoleji kulengeza milandu yochitika pamalo awo. Lamulolo silinena kuti payikidwe mizati, koma linachititsa kuti masukulu ayambe kupikisana poonetsa makolo kuti ana awo ndi otetezeka. Pambuyo pake mayunivesite ena kumeneko anaichotsa ponena kuti aliyense ali ndi foni yam'manja. Ganizo limenelo kuno silikugwira, chifukwa foni ndi chinthu choyamba chomwe wakuba amatsomphola, ndipo ngakhale isabedwe, wophunzira wathu nthawi zambiri amakhala kuti mayunitsi alibe kapena moto watha chifukwa magetsi anazima kuyambira masana.

Pa kulimba kwa chitsulo ndilibe dandaulo. Bokosi la makina lili ndi chizindikiro cha IP66, pomwe nambala yoyamba imatanthauza kuti fumbi silingalowe ndipo yachiwiri kuti madzi opopedwa mwamphamvu sangadutse, ndipo mvula ya Januwale ndi Febuluwale, yomwe kuno kunsi kwa phiri imagwa ngati sidzasiyanso, yatsimikiza zimenezo: titatsegula mabokosi onse mu Epulo tinapeza m'kati muli gwa. Utoto wazilala pang'ono mbali yoyang'ana dzuwa, basi. Koma chizindikirocho sichinena kanthu za mavu. Pa mizati iwiri mavu anamata dothi m'timabowo ta maikolofoni, moti woimba ankamva mlonda bwinobwino pomwe mlondayo ankangomva phokoso losadziwika mutu wake. Tsopano timatsuka timabowoto ndi burashi yofewa, osati waya, popeza kuseri kwake kuli kansalu kopyapyala koletsa madzi komwe kakangobooka chitetezo chonse chija chatha.

Nkhani ya moto ndiyo yatitayitsa nthawi kwambiri. Mizati itatu imadalira sola ndi batire la mavoti 12. Zomba ali pafupifupi madigiri 15 kummwera kwa ikweta, choncho sola iyenera kuyang'ana kumpoto, ndipo anaiikadi motero. Vuto ndi lakuti kwa ife phiri lili mbali yomweyo, ndipo m'miyezi yozizira, pomwe dzuwa limadutsa motsika chakumpoto, mthunzi umafika pamalo pathu msanga. Kukabwera chiperoni cha masiku angapo otsatizana, batire silidzaza, pomwe nyali yabuluu imafuna moto usiku wonse. Mzati wa m'njira yopita kogona atsikana, womwe uli pansi pa mitengo ikuluikulu komanso ndi womwe timaudalira kuposa yonse, unkapezeka utazima m'bandakucha. Tinaika batire lalikulupo, tinasadza nthambi, ndipo m'chilimwe timapukuta sola kawirikawiri chifukwa fumbi, phulusa la moto wa tchire ndi zitosi za mbalame zimaphimba galasi mwachangu kuposa momwe munthu angaganizire. Kuyambira pamenepo sunazimenso.

Iwiri ya pamalo oimikapo magalimoto imatenga moto pa nyumba ndipo ili ndi batire losungira, choncho kuzima kwa magetsi sikunaivutitse. Chomwe chinapha umodzi ndi mphenzi ya mvula zoyamba, yomwe inadutsa m'nthambo n'kuwotcha bolodi ya m'kati. Bolodi ina inachita kuitanitsidwa kunja kwa dziko, ndipo ndi kusowa kwa ndalama zakunja komwe tonse tikukudziwa, mzatiwo unakhala masabata ambiri utakutidwa ndi thumba. Amene akuganiza zogula aumirire zinthu ziwiri mgwirizano usanasainidwe: kuti mzati uliwonse ukhale ndi chitsulo chokhomera pansi ndi kachipangizo koteteza ku mphenzi, ndiponso kuti wogulitsa asiye bolodi ndi batani zapadera m'manja mwanu.

Kuwonongeka koopsa kuposa konse, komabe, ndi komwe sikuoneka. Mizati yathu imaimba kudzera pa simukhadi, ndipo makhadiwo, monga momwe malamulo a MACRA amafunira, ndi olembetsedwa. Poyamba anali ogulira mayunitsi. Khadi lomwe limaimba mwa apo ndi apo lotere n'losavuta kuliiwala, ndipo limodzi linasiya kugwira ntchito popanda chizindikiro chilichonse kunja: nyali inkayaka, batani likadinidwa inkathwanima, koma foni sinkapita kulikonse. Mzati wozima umachenjeza munthu kuti athamangire kwina, pomwe woyaka koma wosaimba umamuimitsa pamalo amodzi kudikira thandizo lomwe silikubwera. Makhadi onse tinawasamutsira pa dongosolo lolipira pamwezi, ndipo Lolemba lililonse mlonda amayenda kudina mzati uliwonse, mnzake wa ku geti n'kulemba m'buku nthawi yomwe foni yalowa ndi momwe mawu amvekera. Buku limenelo ndilo linatiululiranso za mavu aja. Alipo makina olowa makhadi awiri, ndipo pamalo ngati athu, pomwe netiweki imasinthasintha malinga ndi mbali ya phiri yomwe uli, kukhala ndi khadi la Airtel ndi la TNM mu mzati umodzi n'chinthu choyenera kulipirira.

Zonsezi zikakhala bwino, funso limatsala pa amene akuyankha. Usiku wina wa mvula mayi wina wobwera kumsonkhano anapeza galimoto yake ikukana kulira, malo onse ali zii, ndipo anadina batani. Foni inalira m'kanyumba ka alonda mulibe munthu, popeza onse awiri anali akuzungulira mpanda, kenaka inapita pa foni yam'manja ya mkulu wa alonda. Iye anafunsa kuti, "Pepani mayi, muli pa mzati uti?" Mayiwo anati, "Bambo, ine ndine mlendo kuno, ndangoona nyali yabuluu basi." Anathandizidwa, koma mphindi zomwe zinatayika pofunsana zikanakhala zambiri zedi pakanakhala munthu wowathamangitsa. Tsopano mzati uliwonse uli ndi nambala yaikulu yowala usiku, nambala yake ya foni inasungidwa m'mafoni a alonda ndi dzina la malo ake, ndipo lamulo ndi lakuti m'kanyumba musasowe munthu ngakhale kwa mphindi imodzi. Lamulo lomalizali linafuna kuwonjezera mlonda wausiku, ndipo malipiro ake, mwezi ndi mwezi, ndiwo mtengo weniweni wa mizatiyi womwe sunalembedwe pa kalata ya wogulitsa.

Ena anafunsa chifukwa chake mizati siimbira apolisi mwachindunji pa 997. Yankho ndi lakuti mlonda amene ali mkati mwa mpanda amafika msanga kuposa galimoto yochokera m'tauni, ndipo ndi iyeyo amene angaone ngati pakufunika apolisi kapena galimoto yopita ku chipatala chachikulu cha Zomba. Komanso madinidwe ambiri sakhala a umbanda. M'buku mwathu muli wophunzira amene anabanika ndi mphumu, njoka m'njira, makiyi otsekeredwa m'galimoto, ndi ana a m'mudzi woyandikana nafe omwe m'masabata oyamba ankadina n'kuthawa, mpaka titakambirana ndi amfumu. Za umbanda weniweni zomwe zinafika kudzera pa mzati ndi zochepa, makamaka kutsompholedwa kwa foni pa geti laling'ono. Sindinganene kuti mizati yokha ndiyo yachepetsa milandu, chifukwa nthawi yomweyo tinawonjezera nyali ndi kutchetcha tchire la m'mbali mwa njira, koma atsikana amene amachoka ku laibulale usiku amanena okha kuti tsopano amasankha njira yodutsa pa nyali yabuluu. Pa mzati uliwonse tinamatanso manambala a 116 ndi 5600, omwe bungwe la YONECO la konkuno limayankha pa nkhani za ana ndi za nkhanza, poti si zonse zomwe mtsikana angafune kuuza mlonda wachimuna pa sipika yomveka kwa aliyense wodutsa.

Chaka chikubwerachi tikuwonjezera mizati iwiri, umodzi kuseri kwa khitchini ndi wina pa njira yachidule yomwe ophunzira anadzipangira okha popita kumsika. Yonse idzakhala ya makhadi awiri ndi yotha kutumiza uthenga batire likatsika. Kamera, yomwe wogulitsa akutikakamiza kwambiri, taikana, chifukwa imadya moto wochuluka ndi intaneti, ndipo ndalama yake taiika pa mabatire apadera ndi tochi zabwino za alonda.