Kugula kagalu kwa woweta wa ku Luwinga: m'mene amalandirira ogula

Anthu ambiri a mu Mzuzu akafuna galu wolondera pakhomo amagula kwa anyamata oyenda ndi tiagalu m'katoni, kapena amangoona chithunzi pa Facebook n'kutumiza ndalama pa foni. Bambo wina wa ku Luwinga, amene amaweta agalu a mtundu wa German Shepherd, amagulitsa pa mtengo wokwera kuposa onsewa, ndipo nditaona m'mene amaonetsera tiagalu take kwa ogula ndinakhutira kuti gawo lalikulu la ndalamazo limalipirira chisamaliro chimene chimayambira pachipata.

Munthu safika pakhomopo mwadzidzidzi. Amayamba wapangana tsiku pa foni, ndipo amafunsidwa ngati tsikulo adzakhale atadzera kwa woweta wina, komanso ngati kunyumba kwake kunafa galu posachedwapa. Pachipata pali beseni la madzi osakaniza ndi Jik limene aliyense amapondamo, ngakhale atavala nsapato za kutchalitchi, ndipo pambali pake pali sopo ndi ndowa yosambira m'manja. Mayi wina amene tinafikira limodzi anadandaula kuti akutengedwa ngati wodwala, koma mwini wakeyo anayankha modekha kuti, "Pepani mayi, vuto si inu ayi, ndi dothi limene mwaponda m'njira."

Akunena zoona. Kachilombo ka parvo, kamene kanadziwika mu 1978 n'kufalikira padziko lonse m'kanthawi kochepa, kamatuluka m'chimbudzi cha galu wodwala ndipo kamatha kukhala m'dothi miyezi yambiri, makamaka pamthunzi ndi pachinyezi, monga amakhalira mabwalo athu kuno kumene mvula imachedwa kuleka. Anthu sikawadwalitsa, koma amakanyamula ku nsapato ndi m'manja, ndipo kagalu kosatemera kakatenga matendawa kamayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba mwa magazi onunkha kwambiri, kenaka n'kufa m'masiku ochepa. Komabe apa mpamene ndinaonapo cholakwika choyamba: pamene tinkafika madzi a m'beseni anali atada kale ndi matope, chonsecho Jik akasakanikirana ndi matope mphamvu yake imachepa. Pamafunika burashi yochotsera matope munthu asanapondemo, ndiponso kusintha madziwo pafupipafupi, apo ayi beseni limangokhala la mwambo.

Tiagalu tosakwana masabata 6 timaonedwa kudzera pa waya, ndipo palibe wololedwa kutigwira. Tokulirapo, tomwe talandira katemera woyamba, ndito timatulutsidwa pakhonde la simenti limene limatsukidwa alendo akachoka. Make wa tiagalu amatulutsidwa payekha ali pa chingwe, tisanaone ana ake, ndipo ichi ndi chanzeru pawiri, pakuti wogula amaona khalidwe ndi thanzi la galu amene wabereka, komanso palibe mlendo amene amapezeka pakati pa galu woyamwitsa ndi ana ake, pamene ngakhale galu wofatsa amatha kuluma. Ana a alendo amakhazikidwa pa mkeka kuti kagalu kabwere kokha pamiyendo pawo, osati kukanyamula m'mwamba, ndipo akatha amasambanso m'manja chifukwa mazira a njoka za m'mimba za agalu amatha kudwalitsa ana.

Chimene ndinakonda koposa n'chakuti bamboyu amaonetsa yekha zimene wogula ayenera kuyang'ana. Anakweza mlomo wa kagalu kamene ndinasankha kuti ndione nkhama zofiirira bwino, nafotokoza kuti zikayera ndiye kuti magazi achepa, kawirikawiri chifukwa cha njoka kapena nkhupakupa. Anakagoneka chagada, napatula ubweya wa kumimba ndi kuseri kwa makutu kufuna utitiri, ndipo mimba yake inali yofewa, osati yotupa. Pa kadi ya katemera panali kapepala komatula pa botolo la mankhwala, tsiku, ndi siginecha ya dokotala wa ziweto. Kadi yongolembedwa ndi bolopeni aliyense angathe kuilemba.

Kagalu sikachoka pakhomopo kasanakwane masabata 8, ngakhale wogula atalipira zonse, ndipo amauzidwa momveka kuti katemera mmodzi sakwanira. Chitetezo chimene kagalu kamatenga mu mkaka woyamba wa make chimatha pang'onopang'ono, ndipo chikadalipo chimalepheretsa katemera kugwira bwino ntchito, n'chifukwa chake amabwerezedwa pa masabata atatu kapena anayi alionse mpaka kagalu katafika masabata 16. Nthawi yonseyo sikayenera kuyendetsedwa mumsewu. Katemera wa chiwewe amaperekedwa kagalu kakakwana miyezi itatu, zimene zikutanthauza kuti udindowo umagwera wogula, ndipo bamboyu amalemba tsiku lake pa kadi n'kulozera munthu ku ofesi ya boma yoona za ziweto. Sakukokomeza, pakuti malinga ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka, ambiri ku Africa ndi ku Asia, ndipo pafupifupi onsewo amachitenga kwa agalu. Pakhoma anamata pepala lokumbutsa kuti wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15 kenaka athamangire kuchipatala.

Zina ziwiri sizinandisangalatse. Galu wamphongo amene ndi bambo wa tiagaluti sakhala pakhomopo, ndipo ndinangoonetsedwa chithunzi pa foni, pomwe mtundu umenewu umadziwika ndi vuto lotengera kwa makolo la mafupa a m'chiuno, lomwe limaonekera galu akakula. Kuona m'mene kholo lililonse likuyendera kukanathandiza. Chachiwiri, palibe mgwirizano wolembedwa wonena chimene chingachitike kagalu kakadwala m'masiku oyamba, chikhalirecho parvo imatha kubisala m'thupi kwa masiku angapo isanaonekere. Nditafunsa, anati, "Bambo, mudzangondiimbira, tidzamvana." Ndikukhulupirira kuti amanena kuchokera pansi pa mtima, koma pa ndalama zoterezi mawu a pakamwa sakwanira. Amene akupita kumeneko apemphe kuti zimenezi zilembedwe pa lisiti asanapereke ndalama yachikole, ndipo atenge katoni yatsopano ndi bulangete lochapa, makamaka ngati akukatenga kagalu mu Juni kapena Julaye.