Alangizi a zangongole sanandipulumutsire nyumba, komabe ndingakutumizeni komweko

Ndinalowa mu ofesi ya alangizi a zangongole nditanyamula makalata 11 ochokera kubanki, ndipo 7 mwa makalatawo anali osatsegula. Ndikangoona chizindikiro cha banki pa envelopu ndinkaikankhira pansi pa zovala m'kabati, ngati kuti ngongole ikakhala mumdima imagona. Apa n'kuti patatha miyezi isanu ngongole ya nyumba isakulipiridwa, bambo a ana anga atasamuka, mlandu wothetsa banja uli kukhoti. Ndikulemba izi chifukwa nthawi imeneyo ndinafunafuna munthu woti andiuze ngati maofesi amenewa amathandizadi, koma sindinamupeze.

Ndiyambe ndi zondinyansa, zichoke. Kuchokera tsiku limene ndinaimba foni kufika tsiku loonana ndi mlangizi panadutsa masiku 19. Kwa munthu amene kalata yomaliza ikumuopseza ndi khoti, masiku 19 ndi chaka. Foni yawo imangolira, wina akayankha amakuuzani kuti mudzaze kaye fomu ya pa intaneti, ndipo fomuyo ilibe malo olembapo kuti nkhani yanu ndi yachangu. Amene akuvutika ndi kangongole ka foni ndi amene nyumba yake ili pakamwa pa ng'ona amaima pamzere umodzi. Izi ndinawauza pamaso, ndipo ndikubwerezanso pano.

Koma mayi amene anandilandira tsiku limenelo anandiiwalitsa mkwiyo. Sanandifunse kuti banja latha bwanji, kapena wolakwa ndani. Anangoti, "Mayi, tiyeni titsegule onsewa, tiwasanje potsata masiku." Tinatsegula limodzi, iwo ndi kampeni kotsegulira makalata, ine ndi zala zonjenjemera. Mukalata yachitatu, imene inakhala m'kabati miyezi itatu, a banki ankandipempha kuti ndipite tikakambirane njira ina yobwezera. Mlangizi sanandidzudzule. Anailemba chizindikiro ndi cholembera n'kuiika pambali, ndipo manyazi amene ndinamva anaposa a kukalipiridwa.

Chinthu choyamba chimene anandiphunzitsa chinandiwawa. Ine ndinkaganiza kuti popeza tinasaina anthu awiri, langa ndi theka, la bambowo ndi theka. Ndinkadziuza kuti iwo akasiya kulipira, banki iwasake iwowo. Mlangizi anatenga pangano lathu, anandisonyeza ndime yake ndi chala: aliyense wa ife ali ndi udindo wobweza ngongole yonse, osati gawo lake lokha. Banki ingathe kutsata amene ikumupeza mosavuta, ndipo amene amapezeka mosavuta ndi amene akugona m'nyumbamo. "Banja lanu likhoza kutha mawa," anatero, "koma pangano ili silitha nalo. Ngakhale khoti litagamula kuti nyumba ndi yanu, dzina la bambowo silichoka pangongole mpaka banki itavomera, ndipo imavomera ikaona kuti malipiro anu okha angakwanitse." Loya wanga, amene ndinali nditamulipira kale kawiri, anali asanandifotokozere zimenezi ngakhale kamodzi.

Chachiwiri chinali cholakwa changa ndithu. Miyezi yonseyo ndinkalipira mokhulupirika kangongole ka mipando ndi ka khadi la kubanki, chifukwa eni ake ankaimba foni tsiku ndi tsiku, ndipo ndinkafuna kuti andileke. Ngongole ya nyumba, imene inkangobwera mwakachetechete m'maenvelopu, ndinkaisiya. Mlangizi anajambula mzere pakati pa pepala. Kumanzere analemba ngongole zimene ukapanda kulipira umataya pogona kapena magetsi, kumanja zina zonse. Anati wofuula kwambiri si amene angakupweteke kwambiri. Tsiku lomwelo analembera makalata eni ngongole zakumanjazo kuwapempha kuti alandire kangachepe mwezi uliwonse, kuti chotsalacho chizipita kunyumba. Onse awiri anavomera.

Kenako tinafika pa bajeti, ndipo apa ndi pamene ndinadana nawo kwa mlungu wathunthu. Tinalemba chilichonse: malipiro anga, zoyendera, za ana kusukulu, mankhwala a mwana wanga wamng'ono amene amadwala mphumu. Ine ndinkachepetsa manambala dala, iwo n'kumandibweza. "Mwalemba kuti ana sadzafuna nsapato chaka chonse. Zoona?" Titamaliza, anayesa njira zonse zimene mabanki nthawi zina amalola. Kuwonjezera zaka zobwezera, kuchoka pa zaka 14 zimene zinatsala kufika 20: ndalama ya pamwezi imatsika, koma chiwongoladzanja chonse chimakula. Kulipira chiwongoladzanja chokha kwa miyezi ingapo: kumakupumitsa, koma ngongole yeniyeniyo imakhala chikhalire. Kutenga za miyezi imene ndinalephera kulipira n'kuziphatikiza kungongole yaikulu. Njira iliyonse anaiwerengera pamaso panga, ndipo iliyonse inkadya zoposa theka la malipiro anga. Ndiye anavula magalasi n'kunena kuti, "Mayi, ndikhoza kukulemberani kalata yolonjeza ndalama imene mukufunayo, a banki n'kuvomera. Pakatha miyezi inayi mudzalephera, ndipo ulendo wachiwiri sadzakumverani. Nyumba iyi inagulidwa ndi malipiro a anthu awiri."

Ndinatuluka osatsanzika. Ndinauza mchemwali wanga kuti anthu amenewa amagwirizana ndi mabanki. Mchemwali wangayo, amene sachedwa kulankhula, anangondifunsa ngati pali nambala imodzi papepala lija imene inali yabodza. Panalibe.

Nditabwerera, anandifotokozera kusiyana kwa kugulitsa nokha ndi kudikira kuti banki ilande. Banki ikalanda, cholinga chake ndi kupeza ndalama zake msanga, nthawi zambiri kudzera pa okishoni, ndipo mtengo wake kawirikawiri umatsika. Pamwamba pake amachotsapo ndalama za maloya awo, za ogulitsa, ndi chiwongoladzanja chimene chimapitirira kukwera mpaka tsiku logulitsa. Malinga ndi pangano lathu, ndalamazo zikanapanda kukwana, chotsalacho chikanatitsatabe tonse awiri, nyumba itapita kale. Kalata imene mlangizi analembera banki inali ya tsamba limodzi basi: bajeti yanga, ndalama yochepa imene ndingalipire mwezi uliwonse popanda kuphonya, ndi pempho loti aimitse kaye zakukhoti kwa miyezi inayi nyumba ili pamsika. A banki anapereka miyezi itatu. Ine ndekha ndikadawaimbira foni ndikadangolira.

Pali malo amodzi pamene thandizo lawo limathera mwadzidzidzi, ndipo muyenera kudziwiratu. Za banja sazikhudza. Nyumba ya mayina awiri sigulitsidwa popanda siginecha ziwiri, ndipo bambo a ana anga anakana kusaina kwa milungu isanu, ati ndikufuna kuwadyera masuku pamutu. Nditapempha mlangizi kuti awaimbire, anakana: amathandiza munthu amene wabwera, sangakhale mkhalapakati. Ndikumvetsa chifukwa chake, koma zotsatira zake n'zakuti ndinkathamanga pakati pa ofesi yawo ndi ya loya, nditanyamula mawu a uyu kupita nawo kwa uyo, pamene awiriwo akanatha nkhaniyi pa foni imodzi. Chimene chinawafewetsa bambowo pamapeto pake ndi pepala limene mlangizi anandilembera, losonyeza mbali ziwiri: zimene aliyense wa ife angatsale nazo tikagulitsa tokha, ndi zimene tingatsale nazo banki ikagulitsa. Anandiuzanso kuti ndiwakumbutse kuti mwezi uliwonse wosalipira ukulembedwa pa mbiri ya ngongole ya tonse awiri, ndipo iwonso adzavutika akadzafuna kubwereka kwina. Ndinatumiza pepalalo kudzera kwa loya wawo, osawonjezerapo liwu langa ngakhale limodzi. Anasaina patatha masiku atatu.

China chondikhumudwitsa: chapakatikati mayi aja anapita kutchuthi, ndipo mnyamata amene anandilandira m'malo mwawo anali asanawerenge faelo yanga. Ndinayambanso kufotokoza kuyambira pachiyambi, za miyezi isanu, za makalata a m'kabati, zonse. Anali waulemu, koma ola lonse linathera pa nkhani yakale, ndipo funso limene ndinapitira, loti ndichite chiyani wogula akachedwa kulipira tsiku la banki litakwana, anandiyankha mawa lake pa imelo. Yankholo linali lolondola: ndiwatumizire a banki pangano la kugulitsa losainidwa, ndipemphe masiku owonjezera polemba, osati pafoni. Anawonjezera milungu itatu.

Nyumba inagulidwa. Ngongole yonse inatha, ndipo chimene chinatsala tinagawana monga khoti linagamulira. Changa chinakwana kulipira lendi yoyambira ndi kusamutsa katundu. Panopa tikukhala m'nyumba ya zipinda ziwiri, anyamata anga akugona chipinda chimodzi ndipo amakangana za zenera.

Ofesiyi sindinalipire kalikonse. Mukamapita, tengani pangano la ngongole lenilenilo, makalata onse ngakhale osatsegula, mapepala a malipiro a miyezi itatu ndi sitetimenti ya kubanki, chifukwa popanda zimenezi ulendo woyamba umathera pa kungocheza. Ndipo imbani foni mwezi woyamba umene mwaphonya, poganizira mzere wodikira uja. Pa nyenyezi zisanu ndikuwapatsa zinayi. Yachisanuyo ndawalanda chifukwa cha masiku 19 aja, ndipo papepala la madandaulo limene anandipatsa potsanzikana ndinalemba kuti aike kabokosi pafomu yawo kofunsa ngati munthu walandira kale kalata ya kukhoti. Dzulo ndinatsegula fomuyo kuti ndione. Kabokosiko kulibe.