Brazil 2008 kapena Abu Dhabi 2021: muonere uti?

Ngati data yanu ingakwane mpikisano umodzi wokha wotsekera nyengo ya mipikisano ya magalimoto ya Formula 1, sankhani pa iwiriyi. Yonse katswiri adadziwika pa chizungulire chomaliza.

Ku Interlagos, pa 2 November 2008, Felipe Massa wa Ferrari adapambana kwawo, anthu n'kuyamba kuvina poganiza kuti ndiye katswiri wa chaka. Koma mvula idagwa chakumapeto, Timo Glock adakali pa matayala a pouma, ndipo Lewis Hamilton adamudutsa pafupi ndi mzere womalizira n'kukhala wachisanu. Hamilton adatenga ukatswiri poposa Massa ndi pointi imodzi, 98 kwa 97.

Ku Yas Marina, pa 12 December 2021, Hamilton ndi Max Verstappen adafika ali ndi mapointi ofanana, 369.5. Hamilton adatsogola pafupifupi mpikisano wonse mpaka Nicholas Latifi atachita ngozi. Onse akuyenda pang'onopang'ono kumbuyo kwa galimoto yachitetezo, woyendetsa mpikisano, Michael Masi, adalola magalimoto asanu okha otsalira ndi chizungulire, amene adali pakati pa awiriwa, kuti adutse, ndipo Verstappen, ali ndi matayala atsopano, adamulanda Hamilton chikho.

Kusangalatsa: Brazil mtima umakhala m'mwamba kuyambira pachiyambi, Abu Dhabi pakati pake mutha kukaphika nsima.
Kumvetsa: Abu Dhabi ngwosavuta, wotsogola ndiye katswiri; Brazil pamafunika masamu pang'ono.
Chilungamo: ku Brazil idaweruza ndi mvula; ku Abu Dhabi adaweruza ndi munthu, yemwe adachotsedwa paudindowo mu February 2022.

Wongoyamba kumene kutsatira masewerawa ayambe ndi Abu Dhabi. Wofuna luso loyendetsa pamsewu woterera, kapena wokonda Hamilton amene safuna kupsa mtima, atsegule Brazil.