Nyenyezi zitatu: netiweki ikangoduka simenti imakana kugulitsika

Pulogalamu yogulitsira katunduyi taigwiritsa ntchito chaka chathunthu pa hadiweya yathu, ndipo ndalama ya pamwezi ija yoti azitithandiza zikavuta timalipira osaphonya, ngakhale pomwe anaikweza. Seva, kompyuta yaikulu yosunga sitoko ndi malonda onse, ili ku ofesi ku Lilongwe, shopu ina ili ku Kasungu ndipo imalumikizana ndi sevayo kudzera pa rauta ya simukhadi. Pa kulemba malisiti ndi kuwerengera sitoko ndilibe nayo chifukwa.

Chandilembetsa ndi simenti. Netiweki ya ku Kasungu ikangoduka wapakauntala ali mkati mogulitsa simenti, kompyuta yake imalemba kuti "Lost connection to MySQL server during query", nambala yake 2013. Zimenezo sindidabwa nazo, netiweki yaduka basi. Koma ikabwerera, misomali imagulitsika, penti imagulitsika, malata amagulitsika, simenti yokha ayi. Ndipo osati ku Kasungu kokha, ngakhale ku Lilongwe komwe netiweki sinavuteko n'komwe. Ukadina, kompyuta imangoti duu masekondi 50, kenako n'kulemba "Lock wait timeout exceeded", kutanthauza kuti nthawi yodikira yatha.

Kwa miyezi ingapo ndinkaimbira bambo wina wa kukampani ya pulogalamuyi amene anatipatsa kuti ndiye wotiyang'anira. Yankho lake linali limodzi: "Abwana musadandaule, ndikuikonza." Pakatha maola awiri simenti inkayambadi kugulitsika, iye n'kutumiza uthenga pa WhatsApp kuti wathana nazo. Ine n'kumathokoza, tsiku lina mpaka ndinamutumizira ya mayunitsi. Nditadandaula kuti vutoli likubwerezabwereza, anakweza nthawi yodikira ija kuchoka pa masekondi 50 kufika pa 300. Zotsatira zake, mwana wapakauntala ankangoyang'ana kompyuta mphindi zisanu zathunthu kuti pamapeto pake imuuze zomwezo.

Loweruka lina la kumapeto kwa mwezi ndi limene ndinapsa mtima zenizeni. Magetsi anathima ku Kasungu cha m'ma 9 koloko m'mawa, rauta n'kuzima pomwe mtsikana wathu amalemba matumba 40 a simenti. Ku Lilongwe kunali kontilakita ataimitsa lole pakhomo, anyamata onyamula atavala kale masaka kumutu, ndalama zili m'manja. Lisiti osatuluka. Anadikira mphindi makumi awiri, kenako anandiuza mwaulemu kuti, "Achimwene, amisiri akundidikira ku saiti," n'kuwoloka msewu kukagula kwa anzathu. Ndinaiona ndi maso anga lole ija ikupakira simenti tsidya linalo. Bambo uja foni yake inali yozima.

Ndinaimba nambala ya ku ofesi kwawo ndili wolusa, ndipo anayankha mayi wina amene ndinali ndisanalankhulepo naye. Anandilola kukalipa mpaka nditatopa, kenako anandipempha kuti ndimulole alowe mu seva ali komweko. Ndinkaona zonse pa sikirini. Analemba SHOW PROCESSLIST, pakutuluka mndandanda wa makompyuta onse olumikizidwa. Anandilozera mzere umodzi wolembedwa Sleep, wa kompyuta ya ku Kasungu, womwe unali utakhala chomwecho mphindi zoposa makumi anayi. Anayang'ananso mu information_schema.innodb_trx, mndandanda wa malonda amene akadali mkati, n'kupeza kuti mzere womwewo uli ndi malonda osamalizidwa. Analemba KILL ndi nambala yake. Ndinadina simenti, lisiti n'kutuluka nthawi yomweyo. Zonsezi sizinathe mphindi zitatu.

Mmene anandifotokozera ndi mmene ndinamvetsera kuti ndakhala ndikupusitsidwa. Pulogalamu ikayamba kugulitsa simenti, database, kaundula wa sitoko amene ali mu seva, imatseka mzere wa simenti kuti anthu awiri asachotsere sitoko imodzi nthawi imodzi, ndipo imatsekula ikalandira mawu omaliza oti COMMIT. Netiweki ikaduka mawuwo asanafike, seva sidziwa kuti mnzake uja wapita. Imangokhala itagwira kiyi, kudikira munthu amene sadzabweranso, chifukwa rauta ikayaka imayamba kulumikizana kwatsopano, kwakale kuja n'kutsala kuli lende. Seva ya Linux ikasiyidwa mmene inabwerera, imadikira masekondi 7200 isanayambe kufunsa ngati winayo akadalipo, kenako imafunsa ka 9, kamodzi pa masekondi 75 alionse. Kuphatikiza zonse ndi maola awiri ndi mphindi 11. Ndiye maola awiri aja! Bambo uja sankakonza kanthu. Vutoli linkatha lokha, iye n'kumalandira zikomo. Chimenechi chikundiwawabe kuposa kontilakita amene ndinataya.

Mayiyu sanathere pomwepo. Anabweza nthawi yodikira ija pa 50, anatsitsa tcp_keepalive_time, yomwe ndi masekondi 7200 aja, kufika pa masekondi 60, n'kufupikitsanso mafunso otsatira aja. Anatsitsanso wait_timeout, yomwe inali pa 28800, kutanthauza maola 8, kuti kompyuta yongokhala chete izichotsedwa msanga ndipo malonda ake osamalizidwa azifufutika okha. Anandilangiza kugula ka UPS kakang'ono ka rauta yokha, kabatire koti rauta isamazime magetsi akathima, ndipo ndinagula Lolemba lake. Kuchokera tsiku limenelo netiweki ikaduka, simenti imamasuka yokha pakangopita mphindi zochepa. Nditamufunsa chifukwa chake mnzake sanachite zimenezi, sanamunene, anangoti, "Bambo, pepani kuti zatenga nthawi yonseyi." Ndinayamba kulemba ndemangayi ndili ndi nyenyezi imodzi m'maganizo, koma kampani imene ili ndi munthu wotere sindingaiponde chonchi.

Zisanu ndiye sindipereka, chifukwa vuto lina lidakalipo. Nthawi zina COMMIT imafika bwinobwino ku seva, koma yankho loti zatheka ndi limene limasowa m'njira. Wapakauntala amaona 2013 yomwe ija, n'kuganiza kuti malonda sanalowe, n'kudinanso. Tsiku lina matumba 25 anachotsedwa kawiri, ndipo madzulo tinawerengera m'nyumba yosungira katundu thumba ndi thumba, mtsikana wathu misozi ili m'maso poopa kuti timuganizira kuba. Mayi uja anavomera kuti ili si vuto la seva koma la pulogalamu: malonda alionse amayenera kukhala ndi nambala yakeyake kuyambira pa kauntala, kuti ikafika kachiwiri database iikane. Anati wazipereka kwa olemba pulogalamu. Miyezi iwiri yatha, kulibe chasintha.

Pakadali pano ndamata pepala pa kauntala zonse ziwiri loti uthenga wa 2013 uja ukatuluka, ayambe ayang'ana lisiti lomaliza asanadinenso. Ndipo ndawauza a kampaniyo kuti bambo uja asadzagwirenso seva yathu.